Zoona ku Germany chimanga amapangira magetsi?

FUNSO: Akonzi, mlamu wanga amakhala ku Germany ndiye akuti kumeneko kuli minda ya chimanga yoti maso safika kumapeto, koma sikuti adye ayi, amapangira gasi wa magetsi. Zoona zimenezi? Nanga chimanga sichikwera mtengo? Zandizunguza mutu, kuno thumba tikulipeza movutika. - Wowerenga, Mchinji

YANKHO: Alamu anuwo sananame bambo. Kungoti chimanga chake sadikira kuti chiume nkukolola nkutonola ngati kwathu kuno, amachidula chidakali chachiwisi, phesi, masamba, chitsononkho zonse pamodzi, makina nkuchiduladula tizidutswa, kenako amachiunjika nkuchifunditsa pulasitiki kuti chisase. Akatero amathira m'matanki akuluakulu osalowa mpweya, nthawi zambiri posakaniza ndi ndowe, chikamawola chimatulutsa gasi ndipo gasiyo ndi amene amayendetsa injini ya magetsi.

Chinayambitsa zonsezi ndi lamulo lotchedwa EEG la mu 2000. Linati wopanga magetsi mwanjira ngati imeneyi azigulidwa pa mtengo wokhazikika kwa zaka 20. Mu 2004 anaikapo bonasi kwa amene akugwiritsa ntchito mbewu zolimidwira gasi, mu 2009 nkuwonjezeranso ndalama. Basitu anthu anathamangira, mapulanti opangira gasi ameneyu, wotchedwa biogas, anachuluka mpaka kudutsa 9,000, ambiri m'zigawo za Bayern ndi Niedersachsen, ndipo chimanga cha gasi chokha chinafika potenga mahekitala pafupifupi 1 miliyoni.

Tsono pamene panawawa kwambiri ndi pa lendi ya minda. Ku Germany minda yopitirira theka alimi amachita kubwereka kwa eni malo. Ndiye taganizani, mbali iyi kuli wa biogas amene akudziwiratu kuti magetsi ake azigulidwa zingati mpaka zaka 20, mbali inayo kuli mlimi wa ng'ombe za mkaka amene mtengo wa mkaka lero wakwera mawa wagwa, onse akufuna munda umodzi omwewo, mwini malo apereka kwa ndani? Wa mkaka amangoluza, chonsecho ng'ombe zake zimadya chimanga chosasa chomwecho, ndiye amamenyedwa pawiri, munda wadula chakudya cha ng'ombe chadulanso. Komanso chimanga chachiwisi nchodzaza madzi, kuchinyamula mtunda wautali ndi kuwononga dizilo, nchifukwa chake wa pulanti amalimbirana minda yoyandikana naye ndipo lendi inakwera kwambiri m'madera amene mapulanti anathithikana. Madambo ena odyetserako ziweto anagalauzidwa nkudzalamo chimanga, eni dziko mpaka anayamba kudandaula kuti kulikonse ukayang'ana ndi chimanga chokhachokha.

Za mtengo wa chimanga chouma kapena tirigu, pamenepo tisanamizire Germany kwambiri. Mitengo imeneyo imatsatira msika wa dziko lonse ndipo amene amaugwedeza ndi America, kumene gawo limodzi mwa magawo atatu a chimanga chawo, zaka zina kuposa apo, limapita ku ethanol wosakaniza ndi petulo.

Ine ndimaona kuti gasiyo alibe mlandu, boma ndi limene linalipira anthu kuti alime zothira mu tanki m'malo mowalipira kuti atole zotayidwa kale. Nawonso anazindikira, mu 2012 analamula kuti mapulanti atsopano chimanga chisapitirire 60 peresenti ya zothiramo, mu 2014 bonasi ija anaichotsa ndipo kumanga mapulanti atsopano kunazilala. Koma amene anasainira kale zaka 20 anapitiriza kulandira, makontirakiti awo akutha pano.

Thumba lanu ku Mchinji likudula chifukwa cha mvula, feteleza ndi kugwa kwa kwacha, osati matanki a ku Bayern. Biogas amene mungamuone kwathu kuno nthawi zambiri ndi wa ndowe za ng'ombe kapena nkhumba, wophikira pakhomo, salanda munda wa munthu, ndipo zotsalira mu tanki mumakathira ku dimba ngati manyowa.