Kwa mayi amene akusunga mlamu wawo ku Chibavi

Mayi, mwafunsa ngati ana anu angatenge kachilombo ka HIV kwa mlamu wanu amene wapezeka nako posachedwapa, poti mumadyera pamodzi ndiponso udzudzu wachuluka nyengo ino ya mvula. Musadere nkhawa, ndipo chonde musawapatulire mbale kapena kapu yawoyawo, chifukwa kuteroko kudzangowapweteka mtima popanda kuteteza aliyense.

Kachilomboka kamachoka kwa munthu wina kupita kwa mnzake kudzera m'magazi, mu umuna, m'madzi a kumaliseche kwa mkazi, ndi mu mkaka wa m'mawere. N'chifukwa chake njira zake zenizeni ndi kugonana kosadziteteza, kubwerekana zinthu zoboola kapena zocheka thupi, komanso kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana pa nthawi ya pakati, pobereka kapena poyamwitsa. Kupatsana moni wa m'manja, kusambira m'bafa imodzi, kupisa m'mbale imodzi ya ndiwo kapena kukhosomolerana sikufalitsa HIV. Udzudzu nawo sufalitsa, pakuti kachilomboka sikachulukana m'thupi mwake, ndipo ukamaluma umalavulira malovu ake, osati magazi a munthu amene unamuluma poyamba. Udzudzuwo muuope chifukwa cha malungo, anawo azigona m'masikito.

Chimene muyenera kusamala nacho pakhomo ndi lezala ndi mswachi. Ambirife tili ndi chizolowezi chosiya lezala limodzi pazenera, lomwe bambo ametera ndevu m'mawa, madzulo mwana n'kuwengera zikhadabo. Aliyense akhale ndi lake, ndipo mlamu wanuyo akadzicheka, valani magolovesi kapena jumbo yosabooka pomanga balalo.

Koma nkhani yaikulu, mwa kuona kwanga, ndi mankhwala. Ma ARV akhala akuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma kuyambira 2004, ndipo munthu amene amamwa tsiku lililonse mosadumphitsa, kachilombo kamachepa m'magazi mwake mpaka kufika posaoneka poyeza, moti sangapatsirenso mnzake pogonana. Kukhala ndi HIV si kudwala Edzi ayi. Edzi imadza pamene chitetezo cha m'thupi chatsikiratu mwa munthu amene sakulandira chithandizo. Choncho muziwakumbutsa nthawi ya mankhwala ndi tsiku lokatenga ena kuchipatala.

Ngati ali pabanja, amuna awo akayezetse kuchipatala cha Mapale kapena ku Mzuzu Central Hospital, ndipo akapezeka alibe, akayezetsenso pakatha miyezi 3, chifukwa kachilombo kongolowa kumene sikaoneka msanga. Pakadali pano azigwiritsa ntchito makondomu, ndiponso afunse za PrEP, mankhwala otetezera amene alibe kachilombo. Kondomu ikaphulika kapena munthu akagwiriridwa, pali PEP, mankhwala oletsa kachilombo kukhazikika m'thupi, yomwe imamwedwa masiku 28, koma iyenera kuyambidwa pasanathe maola 72.