Alamu akufuna kutsegula lesitilanti m'dzina langa, kodi ndiyambe franchise?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe. Ali ndi lesitilanti yomwe yatha zaka zisanu ndi chimodzi, yotchuka ndi nkhuku ya lokolo yootcha, tchipisi ndi nsima ya chambo. Akuti masana anthu amachita kudikirira mpando. Tsopano alamu awo a ku Mzuzu akufuna kutsegula malo ofanana, dzina lomwelo, chakudya chomwecho, ndipo bambo winanso wa ku Blantyre wapempha zomwezo. Funso lawo ndi ili: "Ndamva kuti zimenezi amati franchise. Ndiyambire pati, ndipo ndiziwalipiritsa ndalama zingati?"

Mayi, zikomo pondilembera, ndipo ndikuyamikireni poyamba. Kufika poti anthu a m'mizinda ina akusirira dzina lanu si zamasewera. Funso la ndalama ndiliyankha, koma mundilole ndiyambe ndi funso langa. Ndi liti pamene munachokapo pa lesitilanti yanu mwezi wathunthu, osaimba foni, osatumiza mwana kukasuzumira, n'kubwerako kupeza nkhuku ikukoma chimodzimodzi ndiponso ndalama zikukwana? Ngati simunayesepo, yesani musanasaine pepala lililonse. Zomwe mukapeze pobwerako ndi zomwe zikuuzeni ngati muli ndi chinthu choti n'kugulitsa kwa alamu anuwo kapena ayi.

Ndikutero chifukwa pa franchise munthu sagula chakudya chanu. Iye amaika mpamba wake, amachita lendi nyumba yekha, amalemba antchito ake, ndipo akaluza waluza yekha. Inu mumamubwereka zinthu ziwiri: dzina, ndi kachitidwe kanu ka ntchito. Iye amakulipirani ndalama yolowera kamodzi, kenako gawo la zomwe wagulitsa mwezi ndi mwezi. Malowo si nthambi yanu, ndipo iye si wantchito wanu. Ndiye ngati kachitidwe konse kali m'mutu mwanu ndi m'manja mwanu, ngati ndinu amene mumalawa msuzi m'mawa uliwonse, ndinu amene mumadziwa mavenda a nkhuku zabwino ku msika, ndinu amene makasitomala amabwera kudzacheza nanu, ndiye kuti alamu anu agula chikwangwani chokha. Inuyo simungakhale ku Lilongwe ndi ku Mzuzu tsiku limodzi.

Anthu akamakamba za McDonald's, kampani ya ku America ya malesitilanti a franchise, amathamangira kutchula Ray Kroc, amene anatsegula malo ake oyamba ku Des Plaines, m'boma la Illinois, mu 1955. Ine chomwe chimandigwira mtima ndi zomwe eni ake enieni, Richard ndi Maurice McDonald, anachita mu 1948 Kroc asanawadziwe n'komwe. Lesitilanti yawo ya ku San Bernardino inkayenda bwino, koma anaitseka kwa kanthawi, nachotsa zakudya zambiri pa mndandanda n'kusiya zochepa chabe, ndipo anakonza khitchini mwakuti aliyense akhale ndi ntchito yake imodzi. Mpaka anajambula khitchini ndi choko pa bwalo la tenisi kuti aone mmene antchito aziyendera osagundana. Kroc atafika mu 1954 anapeza ntchito yoti mnyamata wongolembedwa kumene atha kuiphunzira m'masiku ochepa. N'chimene chinafalikira dziko lonse. Nyama yophika pa chiwaya aliyense ankaidziwa kale.

Choncho ntchito yanu yoyamba ndi yotopetsa: kulemba. Gulani sikelo. Nkhuku imodzi ikhale yolemera bwanji, idulidwe zidutswa zingati, ikhale mu zokometsera maola angati, mchere magalamu angati. "Mchere pang'ono" si muyezo, chifukwa pang'ono panu ndi pang'ono pa wophika wa ku Mzuzu n'zosiyana. Mafuta a tchipisi asinthidwe pakatha masiku angati. Magetsi akathima filiji ili yodzaza nyama, achite chiyani, ndipo pakatha maola angati nyamayo itayidwe. Kasitomala akabweza mbale, amuyankhe bwanji. Ndalama ziwerengedwe nthawi yanji, ndi anthu angati, zilembedwe m'buku liti. Mukamaliza, perekani bukulo kwa munthu amene sanagwirepo ntchito kwanu kuti aphike potsatira zolembedwazo basi, inu muli chete. Paliponse pamene wakufunsani funso, pamenepo bukulo laperewera. Mudzadabwa kuchuluka kwa zinthu zomwe mumachita osadziwa kuti mukuzichita.

Apanso ndi pamene mudzaone kuti zakudya zina ziyenera kutsala. Nkhuku ya lokolo ndi yovuta, ina yonona ina mafupa okhaokha, ina yofewa ina tambala wokalamba. Inu mumazisankha ndi diso. Wina adzazisankha bwanji? Chambo nacho chili ndi nyengo yake, ndipo mtengo wake ku Mzuzu, ku Lilongwe ndi ku Blantyre sungafanane. Mwina franchise yanu idzakhala ya nkhuku ndi tchipisi zokha, chambo n'kutsala pa malo anu oyamba. Zimawawa kusiya chakudya chomwe mumanyadira, ndikudziwa, koma chomwe simungachibwereze mofanana m'malo atatu chidzaipitsa dzina m'malo onse atatu. Kasitomala amene wadya nkhuku yosapsa ku Mzuzu sanena kuti alamu anu alakwitsa. Amatchula dzina lanu, ndipo amakalemba pa Facebook. Paja nsomba ikaola imodzi zonse zaola.

Chachiwiri, ndipo apa ndiumirira: malo achiwiri mutsegule ndi ndalama zanu, ndi manijala wolembedwa ntchito, dera lina la mu Lilongwe momwemo komwe mungafike msanga zinthu zikavuta. Ayende chaka chathunthu, adutse nyengo ya Januwale ndi Febuluwale pamene anthu alibe ndalama, komanso nyengo yokolola pamene ndalama zili mbwee. Lesitilanti imodzi ikhoza kuyenda bwino chifukwa ili pafupi ndi maofesi kapena pa siteji ya minibasi, osati chifukwa cha kachitidwe kake. Malo achiwiri ndi amene amaulula zoona. Ndinaonapo mnzanga wa bekale amene anadumpha sitepe imeneyi. Anapereka dzina kwa anthu atatu nthawi imodzi, aliyense anatenga ngongole, ndipo chaka chisanathe awiri anali atatseka. Sikuti anali aulesi. Buledi wake ankayenda chifukwa cha sukulu yogonera yomwe inali pafupi ndi malo ake oyamba, ndipo iye mwini sankadziwa. Kuyesera nzeru zanu pa mpamba wa munthu wina, mwinanso wa ku banki mkhonde kapena wa katapila, ndi chinthu chomwe sindingakulimbikitseni.

Tsopano ndalama. M'mayiko momwe franchise inakhazikika, ambiri amatenga pakati pa 4 ndi 8 pa 100 iliyonse ya zogulitsa, ndipo ena amaonjezera kagawo kena ka zotsatsa malonda. Mumve bwino, ndi pa zogulitsa, osati pa phindu. Chifukwa chake n'chakuti zogulitsa n'zosavuta kuziwerenga, pomwe phindu munthu atha kulibisa m'zogula. Tiyerekeze kuti malo a ku Mzuzu agulitsa K10 miliyoni pa mwezi, ndipo akalipira nkhuku, mbatata, mafuta, gasi, lendi, antchito ndi msonkho patsala K1.5 miliyoni. Inu mukatenga 5 pa 100, ndi K500,000. Mukaonjezera 2 pa 100 ya zotsatsa, ndi K200,000 ina. Alamu anu atsala ndi K800,000, pafupifupi theka la phindu lapita. Kodi ndalama imeneyo ibweza mpamba wawo m'zaka zingati? Ngati yankho ndi zaka khumi, adzayamba kubisa zogulitsa kapena kugula mafuta otchipa, ndipo simudzawaimba mlandu mumtima mwanu. Mutembenuzenso mbali yanu. K500,000 ija ndi yomwe mulipirire ulendo wa makilomita oposa 300 wopita ku Mzuzu kukayendera, malo ogona, kuphunzitsa ophika atsopano akale akachoka, ndi masiku omwe lesitilanti yanu ikhale yopanda inu. Franchise imodzi kapena ziwiri kawirikawiri sizilemeretsa mwini dzina. Kroc yemwe uja ankatenga 1.9 pa 100, n'kupatsako abale aja 0.5, ndipo zaka zoyambirira ndalama zinkamuvuta mpaka kampani yake inayamba kupeza phindu pa malo ndi nyumba zomwe inkabwereketsa kwa ogula franchise. Choncho musatole nambala pa intaneti. Tengani mabuku anu a zaka ziwiri, mukhale pansi ndi akauntanti, muone ngati phindu lanu ndi lokwanira kudyetsa mabanja awiri.

Pali njira ina yomwe ndikuona kuti ingakuyenereni kwambiri. M'malo modalira peresenti yokha, pangani msuzi ndi zokometsera nkhuku nokha, muziika m'zigubu, ndipo aliyense wogwiritsa ntchito dzina lanu azigula kwa inu. Mwatero mwasunga chinsinsi, kakomedwe kafanana paliponse, ndipo ndalama yanu ikubwera popanda kukangana pa mabuku. Mukaona zigubu zomwe waoda mudziwanso pafupifupi nkhuku zomwe wagulitsa. Harland Sanders wa KFC, amene franchise yake yoyamba inatsegulidwa mu 1952 ku Utah, ankatumiza zokometsera zosakaniza kale kuti ophika asadziwe zomwe zilimo. Nando's, yomwe inayambira ku Rosettenville mu Johannesburg mu 1987, inaika mtima pa msuzi wa tsabola, ndipo wina mwa tsabola wakeyo amalimidwa ndi alimi a kuno ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zimbabwe. Tsabola tili naye, kambuzi tili naye. Mungofunika kulankhula ndi a Malawi Bureau of Standards mukayamba kuika zakudya m'mabotolo, ndipo mtengo wa msuziwo ukhale wachilungamo, chifukwa mukaukweza kwambiri adzayamba kuusungunula ndi madzi. Ubwino wina ndi wakuti zipangizo zanu ndi za konkuno. Kwacha itagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, amene ankadalira katundu wakunja anaona zakuda. Pachifukwa chomwechi, ndalama iliyonse yokhazikika yomwe mulembe mu mgwirizano ikhale ndi ndime yonena kuti iziunikidwanso chaka ndi chaka.

Za dzina, chitani mawa lomwe. Kulembetsa bizinesi ndi kulembetsa dzina ndi chizindikiro ngati trademark ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ambiri amasokoneza. Lamulo lake ndi Trademarks Act ya 2018, ndipo kalembera amachitikira ku ofesi ya boma yolembetsa makampani ndi zizindikiro. Simungabwereke munthu chinthu chomwe pa pepala si chanu. Bambo wa ku Blantyre uja atalembetsa dzina lanu ngati lake mawa, mungadzavutike kulilanditsa.

Mgwirizano ulembedwe ndi loya, osati kukopera wa ku America. Unene zaka zomwe utenge, dera lomwe munthuyo wapatsidwa kuti musadzatsegule wina pafupi naye, ufulu wanu wolowa m'khitchini ndi kuona mabuku osachenjeza, zolakwa zomwe zingathetse mgwirizano, ndi zomwe zichitike tsiku lothetsalo: chikwangwani chitsike pasanathe masiku angati, buku lanu libwezedwe, asaphike nkhuku yanu pansi pa dzina lina pakhomo lomwelo. Ku South Africa lamulo loteteza ogula la 2008 limalamula mwini franchise kupereka chikalata choulula za bizinesi yake masiku 14 munthu asanasaine, ndipo wosainayo ali ndi masiku 10 ogwira ntchito oti atha kusintha maganizo osalipira kanthu. Ngakhale wina asakukakamizeni, chitani chimodzimodzi. Muonetseni munthuyo mabuku enieni, miyezi yabwino ndi yoipa yomwe, ndipo mumuuze akafunse loya wake.

Nkhani ya alamu ndaisiya kumapeto dala chifukwa ndi yomwe ikundidetsa nkhawa. Tonse timati chibale ndi fupa sichiola, koma taganizani tsiku lomwe mwapeza mafuta akuda bii m'chiwaya kachitatu, peresenti ya miyezi inayi sinalipidwe, ndipo mgwirizano ukuti chikwangwani chitsike. Kodi mudzatha kulemba kalatayo? Amuna anu adzaima mbali iti? Apongozi akadzakuitanitsani kumudzi kuti mukambirane, mudzayankha chiyani? Ngati mukudziwa kale kuti simungathe, ndiye kuti mgwirizanowo ndi pepala chabe. Sindikuti wachibale sangayendetse franchise, ena amayendetsa bwino kuposa alendo. Koma muwayese ndi muyeso womwe mungayesere mlendo: kodi adzakhala pa malopo okha tsiku ndi tsiku, kapena ali pa ntchito ina ndipo akufuna kuikapo mphwawo? Mpamba ndi wawo kapena wobwereka wonse? Angalole kuuzidwa zochita ndi mlamu wawo wamkazi pamaso pa antchito?

Njira yodziwira ilipo. Auzeni kuti simunakane, koma abwere ku Lilongwe adzagwire ntchito m'khitchini mwanu miyezi itatu, kuyambira kusenda mbatata ndi kutsuka ziwaya mpaka kutseka buku usiku, akutsatira zomwe mwalemba. Zikadzatheka, malo achiwiri aja mudzawapatse iwo akhale manijala wa pa malipiro kwa chaka, kenako mudzakambe za Mzuzu muli ndi manambala m'manja nonse awiri. Bambo wa ku Blantyre muwayankhe mwaulemu kuti adikire mpaka chaka chimenecho chithe. Mukamaliza kulemba buku la nkhuku ija, mundilemberenso mundiuze kuti latenga masamba angati, ndi mafunso omwe wophika wachilendo uja anakufunsani.