Minibasi ikayamba kukwera mapiri a Chikwawa, nseru

FUNSO: Zikomo alangizi. Ndimachita geni ya zovala ku Nchalo ndipo kawiri pamwezi ndimakapikula katundu ku Limbe. Minibasi ikangodutsa pa Thabwa n'kuyamba kukwera mapiri, malovu amadzaza m'kamwa, thukuta lozizira, kenako kusanza. Mapiritsi a ku famase amandigonetsa, pamene m'chikwama muli mpamba wanga wonse. Kodi njira yachilengedwe ilipo? Ndine mayi wa ku Nchalo.

YANKHO: Pepani mayi. Vutoli ndikulidziwa bwino. Kwathu ndi ku Karonga, ndipo kwa zaka zambiri sindinkatsika phiri la Chiweta popanda jumbo m'manja.

Poyamba dziwani kuti gwero lake si m'mimba. Mkati mwa khutu muli timachubu ta madzi tomwe timauza ubongo kuti thupi likukhota kapena kugwedezeka. Tsono maso akakhala pa foni, kapena pamsana wa amene wakhala kutsogolo kwanu, iwo amanena kuti mwakhazikika. Khutu ndi maso zikatsutsana chotero, nseru imabwera. N'chifukwa chake dalaivala kawirikawiri sasanza: amaona khona lisanafike.

Choncho chomwe chinandithandiza ine kuposa chilichonse chomeza ndi mpando. Lawirirani pa siteji, mupemphe kondakitala malo akutsogolo, ngakhale zitanthauze kusiya minibasi yomwe yatsala pang'ono kudzaza n'kudikira ina. Mpando wakumbuyo, pamwamba pa matayala, uthaweni. Mukakhala, tsamiritsani mutu, maso patali kumene msewu ukupita, windo itseguke pang'ono kuti fungo la mafuta ndi la nsomba lisakutsekereni. Za WhatsApp ndi kuwerengera ndalama mukazione ku Limbe. Malo akutsogolo akasowa, tsinzinani basi kuyambira pa Thabwa mpaka mutamaliza mapiri.

Kenako jinja. Ena amawachepetsera nseru, ena ayi, ndiye muyese nokha. Dulani kachidutswa kofanana ndi chala chachikulu, musinje, muwiritse mphindi 10, mumwe patatsala ngati theka la ola kuti munyamuke. Kena kaikeni m'thumba kuti muzitafuna pang'onopang'ono m'njira. Zakumwa za m'botolo zolembedwa jinja musazidalire, zambiri ndi shuga chabe. Ine ndimanyamulanso ndimu, ndimakanda khungu lake n'kumanunkhiza. Sindinganene kuti ndi mankhwala, koma fungo la dizilo limaphimbika.

Musanyamuke ndi njala, komanso musakhute. Phala kapena buledi ndi tiyi zakwana. Chipisi, kanyenya ndi mazira a pawindo zidikire pobwerera, mukatsika.

Ena amathandizika akadina padzanja: yezani zala zitatu kuchokera pamzere wa pamfundo ya dzanja, mbali ya chikhatho, mudine pakati pa mitsempha iwiri kwa mphindi zingapo. Umboni wake ndi wosakanikira, koma sikuvulaza ndipo n'kwaulere.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti simunanene ngati muli oyembekezera kapena mukumwa mankhwala ena. Ngati ndinu woyembekezera, kapena mumamwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin, funsani kuchipatala musanayambe kumwa jinja pafupipafupi. Ndipo chizungulire chikamabwera muli pakhomo osakwera galimoto, kapena khutu likamalira, limenelo si vuto la ulendo, pitani akakuyezeni. Mukadzabwera ku Limbe ulendo wotsatira, mutilembere kuti mpando wakutsogolo wakuchitirani zotani.