Vinyo wa m'migolo ya thundu ndi chaka cholembedwa pabotolo

Mayi wina wa ku Lilongwe anandilembera sabata yatha kuti akufuna kugulira apongozi awo aamuna vinyo wofiira wa ku South Africa. Botolo limene analiona linali lokwera mtengo katatu kuposa ena, ndipo linalembedwa kuti munda wake wa mphesa unayamba zaka za m'ma 1600 komanso kuti vinyoyo anakhalitsa m'migolo ya mtengo wa oak. Iwo akufunsa ngati ndalama yawo ikugula vinyo kapena zolembedwazo.

Mayi, funso lanuli landikumbutsa bala lakale, chifukwa migolo imeneyo ndinaitsuka ndi manja angawa kwa zaka zinayi pa famu ina pafupi ndi mzinda wa Stellenbosch ku South Africa. Mtengo wa oak ndi umene Baibulo lathu limautchula kuti thundu, ndipo ine ndiutchula choncho. Ndinafika kumeneko ndisanalawepo vinyo, kupatula wa pamgonero kutchalitchi kwathu ku Dedza. Ntchito yanga yoyamba inali kudzazitsa migolo. Mgolo umodzi umalowa malita 225, amene ndi mabotolo 300, ndipo vinyo amaphwa pang'onopang'ono kudzera m'matabwa, kotero kuti tinkayenda mzere ndi mzere, kuzula chotsekera, kuthiramo vinyo wina mpaka kukamwa, n'kutsekanso. Tsiku lina ndinadumpha migolo iwiri ya pakona chifukwa kunali mdima ndipo msana unali utandiwawa. Patapita milungu ingapo, wopanga vinyo ananunkhiza chotsekera chimodzi, nandiyang'ana osalankhula kanthu, kenako anandipatsa tambula kuti ndilawe ndekha. Vinyoyo anali atayamba kusasa ngati viniga. Sanandichotse ntchito, koma mwezi umenewo malipiro anga anachepa, ndipo kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti kampweya kochepa kolowa m'matabwa kamakometsa vinyo, pamene mpweya wochuluka wa mumgolo wosadzaza umamuwononga.

Ntchito yeniyeni ya mgolo ndi imeneyo. Vinyo wofiira watsopano amamanga m'kamwa ngati nthochi yosapsa, chifukwa cha makungu ndi njere za mphesa, ndipo kampweya kaja kamamufewetsa pakapita miyezi. Opanga migolo amawambanso mkati mwake pamoto, ndiye mgolo watsopano umapatsa vinyo kafungo ka vanila ndi ka utsi. Ukagwiritsidwa ntchito kachitatu kapena kachinayi, fungolo limakhala litatha ndipo chotsala ndi kufewetsa kokha. Agogo anga, amene ankafulula masese, sankalola mbiya yatsopano pa mowa wa chiliza, ankati yakale ndiyo ikudziwa ntchito. Ndinaseka ndekha pamene ndinamva opanga vinyo ena akunena zomwezo za migolo yawo yakale.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi chakuti mzinda wa Stellenbosch, umene unakhazikitsidwa mu 1679, uli ndi mitengo ya thundu m'misewu yake mpaka anthu amautcha Eikestad, mzinda wa thundu, koma migolo yathu yonse inkachokera kunja, makamaka ku France ndi ku America. Mitengo ya ku Cape, dera limene kuli Stellenbosch, imakula mofulumira, matabwa ake amakhala osalimba mokwanira kusunga vinyo. Ya ku France imadulidwa itapyola zaka 100, ndipo matabwa ake amaumitsidwa panja zaka ziwiri kapena zitatu asanakhomedwe. Kukwera mtengo kumene mwaona kuli ndi chifukwa chake, sindikukana.

Pa chaka cholembedwa pabotolocho ndi pamene mtima wanga umalimba. Mbiriyo ndi yoona ndithu. Jan van Riebeeck, mtsogoleri wa Adatchi oyamba kukhazikika ku Cape, analemba pa 2 February 1659 kuti vinyo woyamba wafinyidwa ku Cape, bwanamkubwa Simon van der Stel anayambitsa munda wa Constantia mu 1685, ndipo a Huguenot, Akhristu achipulotesitanti othawa ku France, anafika mu 1688 n'kukhazikika kudera limene lero ndi Franschhoek. Alendo akabwera kudzalawa vinyo, mnyamata wowaperekeza ankawalakatulira maina amenewa ngati ndakatulo ya ku sukulu. Sindinamumvepo akutchula akapolo ochokera ku Madagascar, ku Mozambique, ku India ndi ku Indonesia amene analima minda imeneyo mpaka ukapolo utathetsedwa mu 1834. Sankatchulanso dongosolo la dop, lolipira antchito gawo la malipiro awo ndi vinyo, limene lamulo linaletsa mu 1960 koma linapitirira m'mafamu ena mpaka m'ma 1990. Ndinagwira ntchito ndi bambo wina wachikulire amene anabadwira pa famu yomweyo, ndipo anandiuza kuti anayamba kulandira chitini chake cha vinyo ali mnyamata. Manja ake ankanjenjemera m'mawa uliwonse, koma palibe amene ankamuposa kudulira mpesa. Ngati pali mwambo wa makolo m'botolo limene mukufuna kugulalo, mbali yaikulu ya mwambowo inadutsa m'manja ngati amenewo, ndipo ine ndimakana kuti chaka cholembedwa pakhoma la nyumba ya pafamu chikhale chifukwa cholipirira zambiri.

Ndiwonjezerenso kuti munda ukhoza kukhala wakale pamene eni ake, mipesa yake ndi wopanga vinyo wake zonse ndi zatsopano. Tizilombo ta phylloxera tinawononga mipesa ya ku Cape kuyambira mu 1886, choncho palibe mpesa wa Van der Stel umene ukubereka lero. Ngakhale Pinotage, mphesa imene dzikolo limanyadira, si ya m'ma 1600. Abraham Perold anaipanga cha m'ma 1925 pokwatitsa mphesa za Pinot Noir ndi za Cinsaut. Kusunga vinyo wofiira m'timigolo tatsopano ta ku France nakonso kunafala m'ma 1970 ndi 1980, m'mbuyomo ankagwiritsa ntchito zimigolo zikuluzikulu zakale. Kenako kunabwera fashoni yothira tizibenthu ta thundu wowamba m'matanki achitsulo kuti vinyo azinunkhira khofi ndi chokoleti. Anthu ambiri amamukonda ndipo sindikuwaletsa, koma kwa ine kumeneko ndi kupaka mafuta onunkhira osasamba.

Zoyenera kuyang'ana pogula

Tembenuzani botololo muwerenge kumbuyo. Ngati alemba mawu akuti barrel ndi chiwerengero cha miyezi, monga 12 kapena 18, vinyoyo analowadi mumgolo, pamene mawu akuti oaked okha akhoza kutanthauza tizibenthu tija. Onaninso kachidindo ka pakhosi pa botolo ka dongosolo la Wine of Origin, limene linayamba mu 1973, kotsimikizira dera, chaka chokolola ndi mtundu wa mphesa. Ngati apongozi anu sanazolowere vinyo wofiira, botolo la mtengo wapakati liwakomera kuposa lodulalo, limene mwina likadali lomanga m'kamwa. Musalisiye m'galimoto padzuwa la Lilongwe, ndipo tsiku lomwa muliike mufiriji kwa mphindi 20 musanatsegule.