Musanasayine lendi ya lesitilanti ku England, onani kaye masitepe ndi khomo la kuseri

Achemwali, mwachita bwino kufunsa musanasayine. Mwati mwapeza malo ku Leicester oti mutsegulepo kalesitilanti ka nsima, antchito atatu, ndipo pamwamba pali chipinda chomwe mukufuna kuti mng'ono wanu azigonamo kuti mupulumutseko ndalama ya lendi. Mwatinso landilodi wakuuzani kuti za moto musade nazo nkhawa chifukwa zozimitsira moto ziwiri zili kale pakhoma. Mawu amenewo musawadalire.

Ku England ndi Wales nkhaniyi imayendera lamulo la Regulatory Reform (Fire Safety) Order 2005, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Okutobala 2006. Lamuloli limaloza munthu wokhala ndi udindo woteteza malowo ku moto, yemwe limamutcha responsible person, ndipo pamalo antchito munthuyo ndi wolemba anthu ntchito. Tsiku lomwe mudzalembe wophika woyamba, munthuyo ndinu. Landilodi ali ndi gawo lake, makamaka pa makonde ndi masitepe omwe mumagwiritsa ntchito pamodzi ndi alendi ena, komanso pa zomwe walonjeza m'pangano la lendi, koma oyendera akabwera adzafunsa mwini bizinesi. Akakuonetsani satifiketi yakale ya moto, dziwani kuti lamulo lomweli linathetsa masatifiketi amenewo.

Chomwe lamulo limafuna kwa inu poyamba ndi fire risk assessment: kuyendera malo onse, kuona chomwe chingayambitse moto, amene angavulale, zomwe mwachita pochepetsa ngoziyo, ndi momwe anthu angatulukire. Ena akuuzani kuti ngati antchito sakwana asanu simufunika kulemba. Zinali choncho kale, koma kuyambira pa 1 Okutobala 2023 bizinesi iliyonse iyenera kulemba zonse, ingachepe bwanji. Lamulo silikuletsani kulemba nokha, ndipo pa webusaiti ya boma ya gov.uk pali malangizo aulere a malo aang'ono. Ikanakhala saluni ya chipinda chimodzi ndikanati yesani. Koma pomwe pali mafuta owira pansi ndi munthu wogona pamwamba, lipirani katswiri, ndipo mumufunse umboni wa maphunziro ake ndi inshuwalansi yake asanayambe.

Za chipinda cham'mwambacho ndi zomwe zikundidetsa nkhawa kwambiri. Mukapitanso kukaona malowo, kwerani m'chipindamo, tsekani chitseko, kenako mutsike ngati munthu wothawa usiku magetsi atazima. Masitepewo akukufikitsani kuti? Ngati akutsikira m'khitchini, kapena muyenera kudutsa pafupi ndi mbaula kuti mufike panja, mng'ono wanu asagonemo ngakhale usiku umodzi. Moto ukabuka pansi, utsi umakwera masitepe omwewo, ndipo munthu ali m'tulo utsi umamufooketsa asanadziwe n'komwe kuti kwayaka. Ozimitsa moto akapeza zotere amatha kupereka prohibition notice, chikalata choletsa kugona m'chipindamo nthawi yomweyo, ndipo malo ogulitsa zakudya okhala ndi ogona pamwamba ndi omwe amalandira zikalatazi kawirikawiri. Kuti chipindacho chikhale chogonamo pafunika njira yotulukira yotetezedwa yosadutsa m'khitchini, zitseko zopirira moto kwa mphindi 30 zodzitseka zokha, ndi alamu yolumikizana yoti ikalira pansi imvekenso pamwamba. Ntchito imeneyi ndi ya ndalama zambiri. Mgwirizane ndi landilodi kuti alipira ndani, ndipo zilembedwe m'pangano. Akakana, chipindacho chikhale chosungiramo katundu wosayaka msanga, mng'ono wanuyo mumupezere kwina.

Zozimitsira zomwe akunenazo kaziyang'aneni chizindikiro. Zonse ndi zofiira, koma kachigamba ka mtundu ndi komwe kamasiyanitsa. Ya madzi pa mafuta oyaka ndi ngozi yeniyeni: madzi amasanduka nthunzi nthawi yomweyo, n'kumwaza mafutawo mpaka kudenga. Pafupi ndi pokazingira chipisi ndi nsomba pamafunika ya wet chemical, ya chigamba chachikasu, pamodzi ndi bulangete lozimitsira moto. Ya chigamba chakuda, ya CO2, ndi ya zamagetsi. Onaninso kapepala ka tsiku lomwe katswiri anaziyendera komaliza, chifukwa zimayenera kuonedwa chaka ndi chaka. Ndiye pali chumuni chokoka utsi pamwamba pa mbaula. Chotsani sefa imodzi, mupisemo chala. Chikatuluka ndi mafuta akuda onata ngati phula, paipi yonseyo ili choncho mpaka kudenga, ndipo moto ukalowamo umayenda mosaoneka. Makampani ambiri a inshuwalansi amafuna umboni woti inatsukidwa ndi akatswiri. Za gasi asakhudze wina aliyense koma amene ali m'kaundula wa akatswiri ovomerezeka a gasi wotchedwa Gas Safe, ngakhale m'bale wathu wa kutchalitchi atati amazidziwa.

Khomo la kuseri ndi pomwe ambiri timalakwitsa. Matumba a ufa afika, makatoni a mafuta afika, malo achepa, timangounjika pakhomopo, ndipo poopa akuba timakolowekapo loko. Lamulo limati njira zothawira zikhale zopanda chotchinga nthawi zonse, ndipo khomo lothawira lizitseguka msanga popanda kusakasaka kiyi. Sitolo ya New Look inalipitsidwa £400,000 mu 2009 moto utabuka ku Oxford Street ku London mu 2007, ngakhale kuti palibe anamwalira, ndipo zina mwa zolakwa zake zinali njira zothawira zotchingidwa ndi antchito osaphunzitsidwa mokwanira. Pa milandu ikuluikulu chindapusa chilibe malire, ndipo munthu atha kukhala kundende mpaka zaka ziwiri.

Zotsalazo ndi za chizolowezi. Alamu muziyesa sabata iliyonse, magetsi oyaka okha ena akazima mwezi uliwonse, ndipo muzilemba m'kabuku tsiku ndi dzina la woyesayo. Wantchito aliyense, ngakhale wobwera Loweruka lokha, aonetsedwe pa tsiku loyamba potulukira, pokumanirana panja, ndi pozimitsira gasi. Ganiziraninso kasitomala wa pa njinga ya olumala kapena gogo woyenda ndi ndodo. Kwa anzathu a ku Scotland ndi Northern Ireland amene mukuwerenga, malamulo anu ndi ena, ngakhale mfundo zake zikufanana.

Sabata ino imbirani a Leicestershire Fire and Rescue Service, mufunse gawo loona za mabizinesi. Sakulemberani fire risk assessment, koma malangizo amapereka. Kwa landilodi pemphani mapepala a alamu, a waya wa magetsi, a gasi, ndi a kutsuka kwa chumuni, ndipo katswiri wanuyo akaone masitepe aja inu musanapereke dipoziti.