Timizere ta netiweki tadzaza, nanga intaneti ikukwawiranji?

Bambo wina wandilembera pa imelo kuti: "Madzulo aliwonse foni yanga imaonetsa timizere tonse ta netiweki, koma vidiyo imangozungulira osatseguka. Ndamva za ma antena otha kusintha okha. Kodi ndi otani amenewa? Nanga bwanji makampani osangowonjezera mphamvu pa nsanja zawo?"

Zikomo bambo. Ndiyambira pa funso lachiwirilo, chifukwa ndi pamene pagona nkhani.

Timizere tija timangokuuzani kuti foni yanu ikuimva bwino nsanja, sitinena kuti ndinu angati amene mukulimbirana nsanja imodziyo. Madzulo aliyense ali pa foni, ndiye mpata umene masana munali nawo ochepa mukugawana chikhamu. Kuwonjezera mphamvu kuli ngati kukuwa m'chipinda momwe aliyense akulankhula: mnzanu nayenso akweza mawu, mapeto ake phokoso lokhalokha. Nsanja ikakuwa imasokoneza zinzake zoyandikana nazo. Komanso masamu amene katswiri wa ku America, Claude Shannon, anatulutsa mu 1948 amaonetsa kuti ngati foni ikumva bwino kale, kuwirikiza mphamvu kawiri kumangowonjezera liwiro pang'ono chabe. Kugula frequency ina, ndiye kuti mpata wina wa m'mlengalenga wodutsitsamo mafunde a wailesi amene foni ndi nsanja zimalankhulirana, nako si masewera, ndi yochepa ndipo maboma amaigulitsa modula.

Chimene chatsala ndi mbali imene mafunde akulowera. Nsanja zambiri zimagawidwa patatu, antena iliyonse n'kumamwaza mafunde pa madigiri 120 ngati babu, kuwalitsa ndi kumene kulibe munthu. Zimandipweteka ndikaganiza kuchuluka kwa mphamvu imene imangothera m'mitengo ndi pa madenga.

Tsono m'malo mwa antena imodzi yaikulu, akatswiri amandandalika timaantena tambirimbiri m'bokosi limodzi, motalikirana pafupifupi theka la utali wa funde. Pa 3.5 GHz, pomwe 5G yambiri imayenda, funde limodzi ndi lotalika masentimita 8.6, choncho timaantenato timasiyana masentimita 4 ndi kachidutswa. Ponyani miyala iwiri m'dziwe nthawi imodzi, muone: pena mafunde akakumana amakwerana n'kukula, pena amafafanizana madzi n'kukhala bata. Zomwezo zimachitika m'mlengalenga. Kompyuta ya pa nsanja imachedwetsa funde la kaantena aka pang'ono, la ako pang'ononso, mpaka onse akwerane kumene kuli foni yanu n'kuzimirira kwina. Babu lija lasanduka tochi, koma palibe chitsulo chatembenuka. Nzeruyi si yalero ayi. Karl Ferdinand Braun wa ku Germany anaiyesa mu 1905 ndi milongoti itatu yokha.

Phindu lenileni lili apa: tochi sikhala imodzi. Bokosi lomwelo litha kukuunikirani inu uku likuunikiranso wina kumbali ina, nthawi imodzi, pa frequency imodzimodziyo, osasokonezana. Mu 2010 Thomas Marzetta wa ku Bell Labs, malo ofufuzira za sayansi ku America, anaonetsa kuti timaantena tikachuluka kwambiri kuposa mafoni amene tikuwatumikira, kusokonezana kumachepa zedi. Ndi zimene amazitcha massive MIMO, ndipo lero mabokosi ambiri a 5G ali ndi njira 32 kapena 64 zotumizira ndi kulandirira.

Vuto lake n'lakuti njira iliyonse imafuna zipangizo zakezake zokuzira ndi kumasulira mafunde. Zimadya magetsi, zimatentha, bokosi limalemera. Apa mpamene palowera ma antena otha kusintha amene mwawafunsawo. Pa thupi la antena yeniyeniyo amaikapo timaswitchi ting'onoting'ono, monga ma PIN diode, tolumikiza kapena kudula tizidutswa ta chitsulo. Switchi ikatseka, magetsi amadzera njira ina, ndipo antena ija imakhala ngati yasintha maonekedwe: iyang'ana mbali ina, isamukira pa frequency ina, kapena isintha kaimidwe ka funde kuchoka choimirira kupita chopingasa. Zonsezi m'kanthawi kosakwana kuphethira kwa diso. Ndiye ndi zipangizo zochepa mumapeza zosankha zambiri. Ine mbali imeneyi ndi imene imandipatsa chiyembekezo, chifukwa makina osadya magetsi ambiri ndi amene angafike kumene anthu alibe netiweki yabwino. Ofufuza za 6G, netiweki imene idzabwere pambuyo pa 5G, apitirira pamenepa, akuyesa zikwangwani zomata pa makoma zokhotetsa mafunde kuti akafike kuseri kwa nyumba.

Koma ndisakunamizeni kuti vidiyo yanu isiya kuzungulira mawa. Kuti nsanja ikuunikireni iyenera kudziwa mmene mafunde akukufikirani, choncho foni imatumiza tizizindikiro toyesera pafupipafupi, ndipo timeneti timadyako mpata wa data. Mukakhala m'galimoto yothamanga, zimene nsanja yayeza zimatha ntchito msanga. Antena ikakhala ndi maonekedwe ambiri osankhapo, ntchito yoyesa imakulanso. Timaswitchi tija nato timataya kamphamvu pang'ono. Foni yanu iyeneranso kukhala yodziwa kulankhula ndi makina oterewa.

Ndipo pali china chimene antena siingakonze ngakhale itachenjera bwanji: chingwe cha fibre kapena mbale ya microwave (antena yooneka ngati mbale) yochotsa data pa nsanja kupita nayo ku likulu la netiweki. Njira imeneyo ikakhala yopapatiza, mudzadikirabe. Yesani liwiro la intaneti yanu 5 koloko m'mawa, mudzayesenso 8 koloko madzulo muli pamalo omwewo, kenako mundilembere manambala awiriwo. Akasiyana kwambiri timizere tili chimodzimodzi, ndiye kuti vuto ndi kuchulukana, osati kutalikira nsanja.