Ndi m'bale wa jinja, koma musakumbe chonse

Achimwene, mwafunsa ngati maluwa apepo amene mwajambula atatuluka m'dothi opanda masamba ndi jinja, komanso ngati mungakumbe n'kukagulitsa ku Joni. Si jinja ya pamsika ija ayi, koma n'zapachibale, banja limodzi ndi chikasu chimene timathira mu mpunga. Jinja ndi chikasu zinachokera ku Asia, pomwe chomera chanucho n'chakonkuno ku Africa, ndipo akatswiri amachitcha Siphonochilus aethiopicus. Chimakonda nkhalango za miombo.

Kuti mutsimikize, yang'anani duwalo pakati, muona kachidontho kachikasu. Mvula yoyamba ikangogwa maluwa amatuluka pansi penipeni, masamba n'kubwera pambuyo. Mukakanda muzu ndi chikhadabo, fungo lake limalowa m'mphuno nthawi yomweyo. Asing'anga amaugwiritsa ntchito pa chifuwa, chimfine ndi mphumu, ndipo Azulu ena amachidzala pakhomo poteteza mphezi ndi njoka. Koma chifuwa chikapitirira milungu iwiri, muzu usakulepheretseni kukayezetsa TB kuchipatala.

Za ku Joni zija ndiye ndikukuletsani. Ku South Africa anthu anachikumba mpaka m'tchire la KwaZulu-Natal chinatheratu, chifukwa cha misika ya mankhwala azitsamba ngati Faraday ku Johannesburg ndi Warwick ku Durban. Chitatha kumeneko, ogulitsa anayamba kuchitenga ku Mozambique ndi Zimbabwe. N'chifukwa chake mu 2016, pa msonkhano wa CITES (pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zam'tchire) ku Johannesburg, anaika chomerachi cha m'maiko a South Africa, Mozambique, Zimbabwe ndi Eswatini pa mndandanda wa zomera zofunika chilolezo podutsa nazo malire. Ndiye inu mupite pa Beitbridge ndi thumba lodzaza mizu, mukafotokoza bwanji kuti mwaikumba kumudzi, osati m'maiko anayiwo?

Vuto lake n'loti mankhwala ali mu muzu, ndiye ukazula watha nacho chomera chonse, ndipo mbewu zake sizipezeka wamba. Chitani izi: dikirani masamba aume m'chilimwe, mukumbe chitsa chimodzi chokha, muchigawe, mudzale zidutswazo pamthunzi wa mango kuseri kwa nyumba. Zina zisiyeni pomwepo. Ndipo chonde, malo amene mwazipeza musawatchule pagulu pano, tili ambiri ndipo ena makasu ali chire.